Mtovu, chitsulo, bismuth kapena tungsten: machaka ati oyenera kudzaza nokha?

Pa zinthu zinayi zimene timagula podzazanso khoko la chipolopolo cha shotgun, primer (kachipangizo koyatsa onga), onga, wad (kapulasitiki kolekanitsa onga ndi machaka) ndi machaka, chodya ndalama kwambiri ndi machaka, timipira timene timakagwetsa mbalame tija. Wofuna kudziwa ngati kudzaza yekha kukumupindulira ayambire kuwerengera pamenepo.

Mtovu ndi umene ambirife tinayambira, ndipo pamasewera owombera mbale zadothi zoponyedwa m'mwamba palibe wouposa. Ndi wolemera, magalamu 11.3 pa kiyubiki sentimita imodzi, komanso ndi wofewa moti sukanda mpope wa mfuti ngakhale choke (kukamwa kwa mpope) ikhale yothina. Thumba la mapaundi 25 limadzaza zipolopolo pafupifupi 355 mukamathira magalamu 32, zipolopolo 400 pa magalamu 28, ndipo mukatsikira pa magalamu 24, mlingo wa pa mpikisano wa Olympics, mumapeza zoposa 450. Mtovuwonso si umodzi. Wa chilled uli ndi antimony (chosakanizira cholimbitsa mtovu) wochepa, umaphwatalala onga ukaphulika ndipo machaka ena amathawira m'mbali. Wa magnum, wokhala ndi antimony wambiri, umalimba n'kukhalabe wobulungira, choncho umafika patali uli pamodzi. Wotoleredwa m'mabwalo owomberera ndi wotsika mtengo, koma umabwera wosakanikirana kukula kwake, nthawi zina ndi timiyala. Ndi wa mbale zapafupi basi, ndipo ine sindingauthire m'mfuti imene ndimaikonda.

Chovuta n'chakuti zipolopolo za mtovu za 12 gauge (gauge ndi muyeso wa kukula kwa mpope) mafakitale amapanga zochuluka zedi, ndiye m'sitolo n'zotchipa, ndipo wodzaza yekha amapulumutsa zochepa. Phindu lenileni lili pa 28 gauge ndi .410, mfuti za mpope waung'ono. Kachipolopolo ka .410 kamangodya magalamu 14, thumba limodzi lija n'kutulutsa 800, chonsecho m'sitolo amakagulitsa modula kuposa cha 12 gauge.

Kwa osaka abakha, lamulo linatseka kale nkhani ya mtovu m'mayiko ambiri. United States inaletsa mu 1991, Denmark inaletseratu machaka a mtovu mu 1996, ndipo European Union inaletsa m'madambo kuyambira pa 15 February 2023. Chifukwa chake n'chomveka: abakha amameza machaka ogwera m'matope, nthutumba imawapera, mbalame n'kufa ndi poizoni.

Chitsulo ndicho chinalowa m'malo, ndipo pa thumba chimaoneka chotchipa. Koma kulemera kwake ndi magalamu 7.8 basi pa kiyubiki sentimita, liwiro limachithera msanga, motero mumayenera kusankha machaka okulirapo ndi masaizi awiri kuti agwire ntchito ya mtovu. Chimafuna wad yakeyake yokhuthala yoteteza mpope, onga woyaka pang'onopang'ono, ndiponso machaka akuluakulu amatsamwa m'makina odzazira, moti ambiri amangoyeza chipolopolo chilichonse pa sikelo. Chikanyowa chimachita dzimbiri n'kumatana. Mfuti zakale za mpope wopyapyala sizichifuna n'komwe. Kuwonjezera apo, mu 2024 kampani yopanga onga ya Alliant inaimitsa kutumiza onga kwa odzaza okha chifukwa cha kusowa kwa nitrocellulose, chopangira onga, ndipo onga wawo wa Steel ndi umene maresipe (malangizo a kadzazidwe) ambiri a chitsulo ankadalira. Poti zipolopolo za chitsulo zopangiratu zimapezeka mosavuta pa mtengo wabwino, maganizo anga ndi akuti gulani zimenezo, thukuta lanu musungire zina.

Bismuth ndiye amene ndimamuikira kumbuyo. Kulemera kwake, pafupifupi 9.6, kuli pakati pa chitsulo ndi mtovu, ndipo ndi wofewa mokwanira kudutsa m'mfuti yakale ya mipope iwiri osaiwononga. Payekha ndi wosachedwa kusweka, n'chifukwa chake amamusakaniza ndi tin, ndipo pogula yang'anitsitsani: machaka okhala ndi ming'alu kapena fumbi lambiri pansi pa botolo amaphwanyika asanatuluke mu mpope. M'sitolo zipolopolo za bismuth zimadula kangapo kuposa za chitsulo, ndipo za 16 gauge kapena 28 gauge mukhoza kuzisaka nyengo yonse osazipeza. Apa m'pamene makina anu amabweza ndalama zake. Kapezekedwe kake kokha n'kodetsa nkhawa: bismuth wambiri padziko lapansi amachokera ku China, ndipo mu February 2025 dzikolo linakhwimitsa malamulo otumizira kunja bismuth ndi tungsten, mitengo n'kukwera. Mukamupeza wabwino, gulani wokwanira nyengo ziwiri.

Tungsten ya TSS (Tungsten Super Shot), yolemera 18, ndi ya munthu wowombera kawiri katatu pa chaka, monga osaka nkhukundembo. Timachaka ta nambala 9 timalowa ngati ta mtovu tokulirapo kwambiri. Koma ndi youma kuposa mpope wa mfuti, imafuna wad yolimba, ndipo mtengo wake sulola kuyeserera.

Chimodzi ndikupempheni, anzanga: musatenge resipe ya mtovu n'kungosintha machaka. Kabowo koyezera ka makina kamayeza kuchuluka kwa malo, osati kulemera, ndipo mtundu uliwonse wa machaka umakweza mphamvu ya m'mpope mosiyana. Malire a SAAMI, bungwe la ku America loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, pa 12 gauge wamba ndi 11,500 psi (mapaundi pa sikweya inchi), ndipo kusintha primer yokha kukhoza kukudumphitsani malirewo mfuti osakuchenjezani. Tsatirani resipe yosindikizidwa ndi opanga onga, khoko lake, primer yake, wad yake. Musanalipire thumba la machaka odula, yambani mwapeza onga ndi wad zimene resipeyo ikutchula, chifukwa zimenezo ndi zimene zimayamba kusowa m'masitolo.