Masipeya a pampu ya mpweya: pa basi, pa DHL, kapena mungotumiza ndalama?

Ife ogwira ntchito zamanja kuno ku Joni, mafoni ochokera kumudzi sakhala a fetereza ndi fizi okha. Ena amati, "Achimwene, makina aja aima, kodi kumeneko sipeya wake sangapezeke?" Ndikulembera anzanga amene mumalandira mafoni otere. Ndikamba za pampu yoyendera mpweya, ija ya ma diaphragm awiri (zimbale zofewa za mphira zimene zimayamwa ndi kukankha madzi kapena mafuta), chifukwa ndi imene ndimakhalira kumasula pa fakitale ya penti ku Germiston. Alamu anganso ku Limbe ali nayo ya inchi imodzi pa galaja pawo, amakokera oilo ndi dizilo m'migolo, ndipo masipeya ake amachokera kwa ine.

Ndalama ndi katundu n'zosiyana pa chinthu chimodzi. Mukalakwitsa dzina la wolandira ndalama, mumaimba foni n'kukonza. Koma sipeya wolakwika akawoloka chipata cha Mwanza, wapita. Palibe amene adzalipire ulendo wobwerera kuti mukasinthe kusitolo ku Boksburg. Choncho musanafunse kuti basi iti kapena kampani iti, tsimikizani kaye chimene chafa.

Pampu imeneyi ilibe mota, sifuna magetsi. Anaiyambitsa ndi Jim Wilden ku California mu 1955, ndipo kaya ndi Wilden, Sandpiper, ARO, Graco Husky kapena Yamada, kagwiridwe kake n'kamodzi. Ma diaphragm awiri amamangidwa pa shafiti imodzi. Mpweya wa kompuresa ukakankha ya kumanja, shafiti imakoka ya kumanzere, ndiye mbali ina ikutulutsa pamene inayo ikuyamwa. Ikafika kumapeto, valavu ya mpweya imatembenuka, mbalizo n'kusinthana ntchito. Timipira tinayi, tiwiri pansi tiwiri pamwamba, ndi timene timaletsa madzi kubwerera. Ndi pampu yopirira zedi: imayenda yopanda kanthu osapsa, mukatseka potulukira imangoima n'kudikira, matope imameza. Koma kufananako ndi kwa kagwiridwe kokha. Diaphragm ya Wilden silowa pa Sandpiper, ndipo ngakhale m'kampani imodzi, modelo iliyonse ili ndi zake.

Wa kumudziyo muuzeni akuimbireni pa vidiyo ya WhatsApp pampu ikuyenda, mumve kalilidwe kake ndi makutu anu. Ngati oilo akutulukira pa sailensa, potulukira mpweya wogwira kale ntchito, diaphragm yang'ambika, kapena mbale yomanga pa shafiti yamasuka. Azimitse pomwepo, chifukwa oiloyo akulowa m'valavu ya mpweya ndipo mudzagula ziwiri m'malo mwa chimodzi. Ngati ikugunda bwinobwino koma sikutulutsa kanthu, musathamangire kusitolo. Kawirikawiri kansanza kapena kachidutswa ka tepi kakhala pansi pa kampira, kapena paipi yoyamwira ikulowetsa mpweya pamene pali kalampu. Izi zimatha ndi sipanala basi. Ikaima n'kumangoti fwii pa sailensa osalekeza, vuto lili mbali ya mpweya, ma O-ring (timikombero ta mphira totsekera mipata) atha kapena dothi lalowa. Ikamayamba ndi mphamvu kenako n'kumafooka, sailensa itagwira chisanu choyera, amenewo ndi madzi a mu thanki ya kompuresa. Mpweya ukamatuluka mwamphamvu umazizira kwambiri moti madziwo amaundana ngakhale mu Okutobala wa ku Blantyre. Atsegule kampopi ka pansi pa thanki tsiku lililonse. Kudontha m'mbali nako nthawi zambiri ndi mabauti omasuka, makamaka pa pampu ya pulasitiki, ndipo amangidwe mopingasana pang'onopang'ono, osati kumaliza limodzi kenako linzake loyandikana nalo.

Asanaike sipanala, achotse paipi ya mpweya n'kutulutsa wotsalira. Pampu yoima chifukwa chotsekedwa potulukira imaoneka ngati yazima, koma m'kati muli mphamvu yonse ya kompuresa, mabaa sikisi kapena seveni pa geji yoyezera mphamvu ya mpweya. Ngati amakokera mafuta oyaka, ikhale ndi waya wa earth.

Zikatsimikizika kuti pafunika sipeya, akujambulireni kachitsulo kolembapo modelo, manambala onse aoneke. Zilembo za pamenepo zimanenanso mtundu wa mphira umene uli m'kati, ndipo ambiri amapusira apa. Pa oilo ndi dizilo pamafunika Buna-N. EPDM ndi Santoprene ndi zabwino pa madzi ndi mankhwala ena, koma mu mafuta zimafufuma n'kufewa. Viton imapirira mafuta ndi kutentha, koma mtengo wake ndi wowawa. Teflon ndi ya thinner ndi asidi, ndi youma, ndipo yambiri imafuna ya mphira kumbuyo kwake. Ine ndimagula kiti yonse ya mbali ya madzi: ma diaphragm awiri, timipira tinayi, ma seat (pokhalira timipirato) ndi ma O-ring. Ina ikang'ambika, inzakeyo yagunda kofanana nayo, ndipo kutumiza imodzi n'kulipira ulendo kawiri.

Tsopano njira. Kiti yotere ndi yopepuka, imakwana m'katoni ya nsapato, koma ndi ya ndalama zambiri ndipo siifuna kupindidwa. Zimenezi ndiye zimasankha njira.

Yabwino kuposa zonse ndi m'manja mwa munthu amene mumamudziwa, wokwera basi pa Park Station kapena ndege ya ku Chileka. Basi monga ya Intercape imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, ndipo masiku awiri asanathe munthu amakhala wafika pa Wenela ngati pa boda sipanavute. Za ku Lilongwe zina zimakhotera ku Calomue n'kulowera pa Dedza. Mumpatse katoni yosamata kuti aone yekha zimene wanyamula, chifukwa pa chipata amene ayankhe mafunso ndi iyeyo. Mumpatsenso lisiti ndi kangachepe ka msonkho. Vuto lake n'lakuti anthu amapita kumudzi mu Disembala ndi pa Isitala, pamene pampu imafa tsiku limene yafuna.

Ma transporter, aja a maveni ndi ngolo zodzaza mpaka kumwamba, ndimawalemekeza pa ntchito yawo. Amabwera kudzatenga pakhomo, kaya ku Tembisa kaya ku Rosettenville, mtengo mumagwirizana pakamwa, za pa boda amathana nazo okha, ndipo ena amakafikitsa mpaka ku Mangochi ndi ku Mzimba. Ngati mukutumiza pampu yathunthu yachitsulo kapena kompuresa, njira ndi imeneyi, palibenso ina imene thumba lathu lingakwanitse. Koma kakatoni kakang'ono kamavutika m'galimoto zimenezi. Galimoto sinyamuka mpaka itadzaza, ndiye tsiku limene akuuzani ndi lomva chabe. Kakatoniko kamakafinyidwa pansi pa firiji ndi matumba a zovala, kenako n'kuwotchedwa ndi dzuwa la ku Tete pansi pa tenti. Ndinaona kiti ina imene transporter wina anafikitsa itapindika ngati chipewa chokhalidwa. Ya mphira imatha kuwongoka, koma Teflon ikachita mzere wopindika, ndi pomwepo pamene idzang'ambikire. Ngati palibe kuchitira mwina, ikani ma diaphragm pakati pa timatabwa tiwiri ta plywood, mumange ndi tepi, timipira mu kachitini kotseka. Jambulani katunduyo pamodzi ndi nambala ya galimoto, ndipo musalipire zonse asanafikitse. Transporter wabwino amadziwika ndi anthu a ku dera lanu amene anamugwiritsapo ntchito, osati ndi chithunzi cha pa Facebook.

DHL ndi anzake a ndege ndi a tsiku limene galaja yaima ndipo tsiku lililonse ndalama ikutayika. Ali ndi maofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amakupatsani nambala yolondolera, katundu amafika wosapindika. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo dziwani mmene amawerengera. Sayang'ana sikelo yokha. Amachulukitsa kutalika, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita n'kugawa ndi 5000, kenako amatenga chachikulu pakati pa yankholo ndi kulemera kwenikweni. Kiti yopepuka mu katoni yaikulu yodzaza mapepala, mudzalipirira mpweya. Dulani katoni igwirane ndi katundu. Chachiwiri, pa njira imeneyi msonkho wa MRA suzembeka, ndipo wolandirayo amuuziretu kuti adzalipira asanatenge. Ena amaganiza kuti chilichonse chogulidwa ku South Africa chimalowa mwaulere chifukwa cha mgwirizano wa SADC. Mwayi umenewo ndi wa katundu wopangidwa m'chigawo chino, wokhala ndi chikalata chosonyeza kumene anapangidwira. Diaphragm yopangidwa ku America kapena ku Japan ndi ya kunja ngakhale mwaigula ku Kempton Park. Lisiti lenileni likhalepo, chifukwa likasowa a msonkho amaika mtengo wawo.

Nanga bwanji osangotumiza ndalama akagule konko? Pa masipeya a modelo, sindilimbikitsa. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja zakhala zosowa, ndipo wamasitolo sangatsekere ndalama zake pa sipeya amene amafunidwa mwa apo ndi apo. Akaitanitsa, aitanitsanso kuchokera kuno komweko n'kuikapo phindu lake. Komanso ndalama ya sipeya ikafika m'nyumba momwe muli odwala, sindingamudzudzule munthu ikapita kuchipatala, koma pampu ikhalabe chiimire.

Ndalama ndimatumiza za zinthu zopezeka paliponse: mapaipi, makalampu, msonkho, ndi malipiro a makaniko. Pa zimenezi Mukuru ndiye ndimagwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa oda mumapanga pa WhatsApp, n'kukalipira pa thilu ku Shoprite kapena Pick n Pay, ndipo wa kumudzi amatenga pa kanyumba kawo ka olenji kapena imalowa mu Airtel Money ndi TNM Mpamba. Mama Money ndi Hello Paisa nawonso amagwira bwino ngati muli ndi foni yotha kunyamula app. Onsewa amafuna mulembetse ndi chiphaso, ndipo malire a ndalama zimene mungatumize amadalira mapepala amene mwapereka. Poyerekeza, musayang'ane chindapusa chokha. Lembani ma Rand omwewo pa onse atatu muone makwacha amene akafike, chifukwa wina amatsitsa chindapusa n'kukudyerani pa reti. Mukatumiza pa foni, onjezani yotapira kwa ejenti, apo ayi makaniko alandira yopereŵera n'kuyamba kudandaula.

Za osinthana pamanja, mumapereka ma Rand kuno wina n'kupereka makwacha kumudzi, tonse tikudziwa chifukwa chimene anthu amapitirako: reti yawo imaposa ya boma. Koma ndi njira yosavomerezeka, ilibe lisiti, ndipo tsiku limene foni ya munthuyo yazima mulibe kokadandaula. Ine ndalama ya ntchito ya munthu wina sindiidutsitsa kumeneko.

Ngati mwatsala ndi malo m'katoni, ikanimo filter regulator yoika pakati pa kompuresa ndi pampu. Imasefa madzi ndi dothi, imalola kutsitsa mpweya kuti pampu iziyenda modekha m'malo mothamanga ngati yopenga, ndipo diaphragm yogunda pang'onopang'ono imakhalitsa. Onetsetsani kukula kwa mazinga a polowera mpweya pa chithunzi chija musanagule. Wa kumudziyo mumuuzenso kuti akamanga zonse, ayendetse tsiku limodzi kenako abwerezenso mabauti, chifukwa zatsopano zimakhazikika n'kusiya mpata.