Mapositikhadi a Molla Nasreddin omwe ndinagula ku Baku

Mashopu ambiri a mu Icherisheher, mzinda wakale wa Baku, likulu la dziko la Azerbaijan, amangogulitsa makapeti ndi timaginito ta pafiriji. Nditapita ku COP29, msonkhano wa mayiko wokambirana za kusintha kwa nyengo, mu Novembala 2024 ndinalowa m'kashopu kena ka mabuku akale, n'kupezamo paketi ya mapositikhadi a zojambula za Molla Nasreddin, magazini yakale yodzudzula zoipa kudzera m'nthabwala. Mukafika kumeneko, gulani amenewa.

Magaziniyi anaiyambitsa Jalil Mammadguluzadeh ku Tiflis (lero ndi Tbilisi, likulu la Georgia) mu 1906, n'kuitcha dzina la Nasreddin wa m'nthano, uja wokwera bulu chammbuyo, wooneka ngati chitsiru koma akayankhula mfumu imasowa chonena. Mu 1921 inkatulukira ku Tabriz m'dziko la Iran, kenako ku Baku mpaka 1931. Anthu ambiri nthawi imeneyo sankatha kuwerenga, ndiye zithunzi za Oskar Schmerling ndi Josef Rotter ndizo zinkawafikira.

Pepala lake ndi lochindikala ndipo mitundu yatuluka bwino. Khadi limene linandikhudza kwambiri likuonetsa nkhalamba yandevu itagwira mkono wa kamtsikana koti kakhale mkazi wake. Ndine Msilamu wa ku Mangochi, ndipo ndaonapo atsikana akusiya sukulu ali Sitandade 6 chifukwa cha banja. Chithunzicho ndinachimva osafuna wondimasulira. Mammadguluzadeh sanali mlendo wonyoza chipembedzo cha eni ake. Anali mwana wa pakhomo pomwepo, wobadwira ku Nakhchivan, dera la ku Azerbaijan, wodzudzula atsogoleri achipembedzo odyera anthu osauka masuku pamutu ndi amuna oletsa ana aakazi kuphunzira. Ankamuopseza chifukwa cha zimenezi, ndipo boma la Russia linkailetsa magaziniyo nthawi ndi nthawi.

Chodandaulitsa n'chakuti kuseri kwa makhadi kulibe kumasulira kulikonse. Mawu a pansi pa zithunzi ali m'zilembo za Chiarabu, zomwe ndinaphunzira ku madrasa, koma chiyankhulo chake ndi Chiazeri, choncho ndimatha kuwatchula osamva kanthu. Pa makhadi ena nthabwala yonse ili m'mawuwo. Mwini shopu, bambo wachikulire, anandipatsa tiyi m'kagalasi n'kumandimasulira limodzilimodzi m'Chingerezi chodukaduka, ine ndikulemba ndi pensulo kuseri. Musatuluke m'shopumo musanamupemphe zimenezo, ndipo tsegulani paketi pomwepo chifukwa khadi langa lina linali losaoneka bwino ndipo anandisinthira.