Mbale ya agar, maikulosikopu kapena flow cytometry: tiwerengere chiti ma spore?

Mukawerenga ma spore (timbewu tolimba togona timene mabakiteriya ena amapanga) a mabakiteriya a Bacillus pa mbale ya agar (phala louma lomeretserapo mabakiteriya), kenako n'kuwerenganso madzi omwewo pa flow cytometer (makina owerenga tinthu todutsa pa kuwala kwa leza), kawirikawiri manambala awiriwo sagwirizana. Ambiri timathamangira kuloza chala makina. Koma nthawi zambiri palibe chimene chalakwika, kungoti njira ziwirizi siziwerenga chinthu chimodzi.

Mbale imawerenga ma spore okhawo amene adzuka n'kumera. Mumatenthetsa madziwo pa madigiri 80 kwa mphindi 10 kapena 20 kuti mabakiteriya wamba afe, kenako mumawasukulutsa kakhumikakhumi, n'kuwaza pa agar, n'kudikira usiku wonse. Mawa lake mumasankha mbale imene ili ndi makoloni (timagulu tooneka ta mabakiteriya omera) apakati pa 30 ndi 300. Njirayi ndi yotsika mtengo, ndipo pa zitatuzi ndi yokhayo imene imatsimikiza kuti spore ili ndi moyo ndipo ingathe kuchulukana. Vuto lake imachepetsa chiwerengero. Ma spore 20 akamatirirana amabala koloni imodzi yokha, ndipo a Bacillus cereus, chifukwa cha chikutiro chawo chakunja chotchedwa exosporium chimene chimadana ndi madzi, amamatirirana kwambiri, amakakamiranso m'mbali mwa chubu ndi m'kansonga ka pipeti. Ena amagona tulo tofa nato, sadzuka usiku umodzi. A Clostridioides difficile ndiye amamera ochepa zedi ngati simunaike taurocholate, mchere wa m'ndulu umene umawadzutsa, mu agar.

Maikulosikopu sindichedwa nayo. Pa phase contrast, njira yoonera maselo popanda utoto, spore yogona imawala mbee, imene yayamba kumera imada. Ndi galasi lowerengera la Petroff-Hausser, lakuya mamilimita 0.02, mutha kupeza chiwerengero, koma pamafunika madzi odzaza, ma spore pafupifupi 10 miliyoni pa mililita, ndipo maso amatopa msanga. Ine ndimaiona ngati poyambira: musanapite ku makina ena aliwonse, dontho limodzi likuonetsani ngati muli zibuma, zinyenyeswa za maselo kapena mabakiteriya amene sanapange ma spore.

Flow cytometer imawerenga kanthu kalikonse kodutsa pa leza, kamoyo kapena kakufa, masauzande pa sekondi imodzi. Apa m'pamene pali mphamvu yake, ndipo m'pamenenso pali msampha. Spore ya Bacillus subtilis ndi yaitali pafupifupi maikuloni imodzi basi, pomwe makina ambiri anapangidwira maselo a magazi, amene ndi akuluakulu kangapo. Choncho ma spore amagwera pafupi ndi phokoso la makinawo ndi fumbi la m'madzi. Sefani bafa yanu (madzi a mchere osukulutsira ma spore) ndi sefa ya maikuloni 0.22, ikani threshold (malire oyambira kuwerenga) pa side scatter (kuwala komwazikira m'mbali) kapena pa kuwala kwa utoto, ndipo yambani mwayendetsa bafa yokhayokha kuti muone timadontho timene tikubwera popanda spore ngakhale imodzi. Sukulutsaninso mokwanira, chifukwa ma spore awiri akadutsa limodzi makina amalemba imodzi. Sopo wa mu labu wotchedwa Tween 20 pang'ono, monga 0.05 peresenti, amathandiza kumasula zibuma.

Musaiwale kuti si makina onse amene amadziwa kuchuluka kwa madzi amene ayamwa. Ena, monga Attune, amayeza okha pogwiritsa ntchito sirinji. Pa ena muyenera kuthiramo timikanda towerengera todziwika kale chiwerengero chake, monga CountBright, n'kuyerekeza ma spore ndi timikandato.

Nkhani ya utoto imasokoneza anthu ambiri. SYTO 9 ndi propidium iodide, mitundu ya utoto wowala umene umamatira pa DNA, zimagwira bwino pa mabakiteriya wamba, koma spore yogona ndi yotsekeka, utoto sulowa mpaka pakati pomwe pali DNA, umangopaka kunja mozimiririka. Ikayamba kumera, n'kutaya dipicolinic acid ndi kumwa madzi, m'pamene imawala kwambiri. Ndiye kuwala kochepa sikutanthauza kuti spore yafa. Ubwino wake, khalidwe lomweli limakupatsani njira yabwino yotsatira kameredwe mphindi ndi mphindi, chinthu chimene mbale singachite.

Tikafika pa mapuloteni apamwamba pa spore, mtima wanga uli ku flow cytometry, ndipo sindikubisa. Kuyambira mu 2001, pamene gulu la Isticato linasonyeza kuti CotB, puloteni ya m'chikutiro cha spore, ingathe kunyamula chidutswa cha poizoni wa kafumbata pamwamba pa spore ya Bacillus subtilis, anthu ambiri akhala akumangirira mapuloteni awo pa CotB, CotC kapena CotG. Funso limakhala limodzi: kodi puloteniyo yatulukiradi kunja? Western blot, njira yoonetsa puloteni ngati mzere pa pepala, siyankha zimenezo. Mumachotsa mapuloteni a chikutiro ndi mankhwala a SDS ndi DTT, mzere umaoneka, mumadziwa kuti puloteni ilipo ndipo kukula kwake n'koyenera, koma mwina yakwiririka mkati momwe antibody (puloteni yozindikira ndi kumatira pa puloteni inayo) sangafike. Mzerewo ndi wa ma spore mamiliyoni ophatikizidwa pamodzi. Maikulosikopu ya immunofluorescence, yogwiritsa ntchito ma antibody owala, imakuonetsani pomwe puloteni yakhala, kaya yazungulira spore yonse kapena yaunjikana kunsonga, koma mumaona ma spore ochepa, ndipo dzanja limakonda kujambula malo owala kwambiri.

Flow cytometry imayeza spore iliyonse payokha isanaswedwe. Pa ma spore 20,000 mutha kuona kuti onse awala pang'ono, kapena kuti theka lawala kwambiri ndipo theka linalo silinawale n'komwe. Pa Western blot magulu awiriwa angaoneke ofanana ndendende, koma kwa munthu amene akupanga katemera kapena enzyme yomangirira pa spore, kusiyanako n'kwakukulu.

Izi zimagwira ngati makontulo (machubu oyerekezera) ali okwanira. Ma spore amawala okha pang'ono pa leza ya buluu ya 488 nm, ndipo amakola ma antibody mwachisawawa. Atsekeni ndi puloteni ya BSA, muwatsuke bwino, ndipo muyendetse machubu atatu pambali pa chubu chanu: ma spore opanda utoto, ma spore okhala ndi antibody wachiwiri yekha (wonyamula utoto, amene amamatira pa woyamba), ndi ma spore a mtundu wamba opanda puloteniyo koma olandira ma antibody onse awiri. Chubu chachitatuchi n'chimene anthu amachidumpha, chonsecho n'chimene chimakuuzani poika gate, malire olekanitsa ma spore owala ndi osawala.

Choncho ngati mukuyesa mankhwala ophera tizilombo kapena kutentha kwa autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi), khalani pa mbale, chifukwa funso lanu ndi la moyo. Ngati mukufuna chiwerengero chonse mwamsanga, kapena mukufufuza puloteni yapamwamba, pitani ku flow cytometer, koma muwazebe mbale imodzi pambali kuti mudziwe gawo la amoyo. Ndipo mukamaliza, tsukani mapaipi a makinawo ndi bulichi kenako madzi osefa. Ethanol ya 70 peresenti sipha ma spore, ndipo otsalira m'paipi adzatulukira mu chubu cha mnzanu wobwera pambuyo panu.