Mfuti yakale yolasira nsomba: malegeni a chubu kapena mphira ya latex?

Mfuti imene ndimalowa nayo m'madzi ku nyanja ya Cahora Bassa, ku Mozambique, ndinasiyiridwa ndi amalume, amene anaipeza pa nthawi imene damu linkamalizidwa ku Songo mu 1974. Ndi ya mtundu wa ku Ulaya, wofanana ndi zimene Georges Beuchat anayamba kupanga ku Marseille mu 1947: paipi ya aluminiyamu, muvi wachitsulo wokhala ndi timipata, ndi mphira ziwiri zomangira kukamwa kwa mfuti. Thunthu lake likadali lolimba. Zimene zimandidya ndi mphira, chifukwa dzuwa la Tete, limene mu Okutobala limapitirira madigiri 40, silizichitira chisoni. Ndayesa njira zitatu.

Ambirife timayambira pa malegeni, chifukwa chubu chakutha uchipeza kwa wokonza njinga aliyense ndipo sulipira kanthu kodandaulitsa. Vuto lake lili mu mphira yeniyeniyo. Machubu ambiri a masiku ano ndi a butyl, mphira imene anaipangira kusunga mpweya, osati kukankha chinthu. Ukaikoka imalimba ndithu mpaka mikono kuwawa, koma ukaimasula imabwerera mwaulesi. Ndinaziona ndi maso anga tsiku lina pansi pa mtengo womira: pende wamkulu (nsomba yonga chambo) ali pafupi, ndawomba, muvi wangomugunda pambali n'kuchotsa mamba awiri, iye n'kumapita. Machubu ena okhuthala a njinga zamoto ndi a mphira yachilengedwe ndipo amachitako bwino. Kuti muwazindikire, dulani kalamba, mukoke n'kumasula. Yabwino imalira kuti thwa! pa chala. Komabe malegeni ndi owolokera tsiku limodzi, poyembekezera zenizeni.

Njira yachiwiri ndi mphira zogula zokonzeratu, za mitu yopota imene imalowa kukamwa kwa mfuti ngati bawuti. Kuika kwake n'kwa mphindi ziwiri, ndipo mfuti imaoneka monga inabwerera. Koma mazinga a mitu imeneyi safanana pa mfuti zonse, ndiye mukatuma munthu wopita ku Maputo kapena ku Joni, mupatseni mutu wakale anyamule. Ndiponso simudziwa kuti yakhala zaka zingati m'sitolo. Ine ndinalandirapo ina yooneka yatsopano, koma nditaikoka panaoneka timing'alu tambirimbiri pafupi ndi mutu.

Imene ndakhazikikapo ndi yachitatu: kugula latex (mphira yachilengedwe) yautali ngati payipi, yoyeza pa mita, n'kumadula ndekha. Makampani monga Rob Allen a ku Durban amagulitsa yotereyi. Latex imagwira bwino ntchito ikatambasuka katatu kapena katatu ndi theka pa utali wake. Yezani kuchokera kukamwa kwa mfuti kufika pa kampata ka muvi, chotsanipo utali wa kokowera (kachitsulo kapena kachingwe kolumikiza mphira, kamene kamakola pa kampata), zotsalazo mugawe patatu. Zikatsala masentimita 90, mbali iliyonse mudule 30. Ngati kukamwa kuli ndi bowo lodutsa, mphira imodzi ya 60 imazungulira mbali zonse ziwiri. Mitu yakale musataye, nthawi zambiri imatheka kuimanganso pa mphira yatsopano ndi ulusi wolimba.

Apa ndiye ndikupempheni, anzanga. Mukaona mphira yokhuthala mamilimita 18 kapena 20, mtima umati imeneyo ndiye yamphamvu. Inde, koma si ya mfuti ya zaka 50. Kachitsulo kogwira muvi mkati mwa chogwirira kanaperepeseka kale, ndipo mukakasenzetsa katundu woposa msinkhu wake kamatha kumasula muvi kokha, mnzanu ali patsogolo. Paipi yopyapyala nayo imapindika, muvi n'kumapita kwina. Yanga ndimaika ya 14, ndipo sindipyola 16. Madzi a nyanja yathu ndi amatope, nsomba timailasa pafupi, mphamvu yoonjezerayo ilibe kopita. Ndipo m'madzi a ng'ona ndi mvuu simufuna kuchedwa mukulimbana ndi mphira yokana kukokeka.

Pa kokowera palinso kusankha. Kokowera kachitsulo kachikale kamakhalitsa, koma kakaphonya kampata kamang'amba chala; chipsera ndili nacho pa chala chamkombaphala. Chingwe cha Dyneema sichivulaza, koma timipata ta mivi yakale tili ndi m'mphepete mwakuthwa ndipo timachidula msanga. Musanasinthe, salazani timipatato ndi tupa yaing'ono kenako sandipepa, mpaka chikhadabo chizidutsa osakodwa.

Kaya mwasankha iti, mphira imafera kumtunda, osati m'madzi. Musaisiye m'bwato padzuwa kapena pafupi ndi chigubu cha petulo, ndipo musaipake vasilini kapena oyilo wa injini, zimenezi zimaidya. Ngati muli ndi mafuta a silikoni ndiwo oyenera. Ndikatuluka ndimatsuka matope mkati mwa chogwirira, kupukuta muvi kuti usachite dzimbiri, n'kuchotsa mphira kuzikulunga m'jumbo yakuda. Amene ali ndi firiji aziika mmenemo. Ine zanga zimagona pansi pa bedi, pambali pa mtsuko wa madzi. Ndisanalowe m'madzi ndimazikoka pang'ono ndi manja n'kuyang'ana pafupi ndi mfundo, pamene zimayambira kung'aluka, koma kutchera mfuti ndimatchera ndili m'madzi basi.