Clonezilla kapena Veeam: kusunga kompyuta yonse mwaulere

Hard disk ikafa, simungotaya zithunzi ndi mafayilo okha ayi. Windows, mapulogalamu ndi makonzedwe anu onse amapita nayo limodzi. N'chifukwa chake ndimalimbikira kusunga kompyuta yonse yathunthu pa disiki ina yapadera.

Clonezilla ndi pulogalamu yochitira zimenezi yomwe inachokera ku Taiwan. Mumaiika pa flash, n'kuyatsira kompyuta pa flashiyo Windows ili chigonere, ndipo imakopera malo okhawo amene muli zinthu, kaya ndi Windows kapena Linux. Koma maonekedwe ake amaopsa munthu woyamba kumene: zolemba zokhazokha, ndipo madisiki amangotchedwa sda, sdb. Apa m'pofunika maso kwambiri, chifukwa mukasokoneza disiki yomwe mukukopera ndi yomwe mukusungirapo mufufuta disiki yomwe mumafuna kuteteza. Malo obwezerako nawonso ayenera kufanana ndi akale kapena kukulirapo. Amene zimenezi zikumuopsa atenge Rescuezilla, yomwe imawerenga zosungidwa ndi Clonezilla koma ndi yongodina ndi mausi.

Veeam Agent yaulere ya Windows imagwira ntchito inu muli pakompyuta pomwepo. Mumaiuza nthawi, iyo imangowonjezera zomwe zasintha, ndipo mukhoza kubweza fayilo imodzi osakhudza zina. Chonde pangani flash yake yobwezeretsera, yomwe mudzayatsire kompyuta Windows ikadzakana kuyaka, tsiku loyamba lomwelo.

Wokonza makompyuta a anthu ayende ndi Clonezilla m'thumba. Koma kwa mwini laputopu imodzi ndimasankha Veeam, chifukwa Clonezilla imadikira kuti muikumbukire, pomwe ambirife timakumbukira kompyuta itakana kale kuyaka.