Paketi ya Raspberry Pi 4 ya Home Assistant: bolodi ndi yeniyeni, tchaja ndi khadi ayi

Raspberry Pi 4 ndi kakompyuta kakang'ono ka bolodi imodzi, ndipo paketiyi ndinaigula kuti ndiziyendetsera Home Assistant, pulogalamu yolamulira mababu ndi masensa m'nyumba. Ogulitsa amati "zonse zili m'bokosi", koma chodalirika ndi Pi 4 ya 4GB ija, kesi ndi kafani kake.

Mlandu uli pa tchaja. Pachikuto analemba 5V 3A, koma mukangolumikiza dongle ya Zigbee (kachipangizo ka pa USB kolankhulana ndi mababu ndi masensa popanda waya), kanyali kofiira ka PWR kamayamba kuphethira. Kanyali kameneka sikanama, kamatero mphamvu ikatsika pansi pa 4.63V. Purosesa imachepetsa liwiro, dongle imasowa n'kubweranso, ndipo mababu oyenera kuyaka dzuwa likalowa amangokhala ozima. Patatha masabata atatu magetsi anathima usiku, m'mawa Pi osadzukanso. Khadi la microSD limene amati ndi 64GB nditaliyeza ndi pulogalamu yoyezera makhadi ya H2testw, malo enieni anapezeka 8GB yokha, kwinako ndi mphepo. Home Assistant imalemba mu database yake usana ndi usiku, ndiye khadi lotere lipirira bwanji? Ogulitsa nditawauza anangoti, "Mwina simunaike bwino, bwana." Kuika kwake kuti? Mumalemba Home Assistant OS pakhadi ndi Raspberry Pi Imager, kulumikiza waya wa Ethernet ku rauta, kudikira mphindi ngati 20, n'kutsegula adiresi ya homeassistant.local:8123 pa browser. Wolakwitsa pamenepo angalakwitse chiyani?

Komabe ziwirizo zitachoka, bolodiyo yandichititsa manyazi pa zimene ndinailankhulira. Ndi tchaja cha USB-C cha 5.1V 3A kanyali kaja kamangoyaka osagwedezeka. M'malo mwa khadi ikani SSD (disiki yosungira mafayilo) ya 120GB pa USB yabuluu, yomwe ndi ya 3.0, Pi 4 imadzukira pamenepo bwinobwino. Dongle ipite pa USB yakuda kudzera pa waya wa mita imodzi, chifukwa USB 3.0 imasokoneza mafunde a 2.4GHz amene Zigbee imayendera. Ikatsamira SSD, masensa a kuchipinda amaduka popanda chifukwa chooneka, inu n'kumanamizira mabatire.

China chimene sakuuzani: Pi 4 ilibe wotchi ya batire, nthawi imaitenga pa intaneti. Magetsi akabwera rauta n'kuchedwa kudzuka, zonse zoyendera ola zimasokonekera kaye. Ka UPS (batire lothandiza magetsi akathima) kakang'ono kogwira Pi ndi rauta pamodzi kamathetsa zimenezo, komanso kamateteza SSD. Backup musaisiye pa Pi pomwepo, ikopereni pa kompyuta ina.

Ndalama ya khadi anabweza nditawatumizira chithunzi cha H2testw, apo ndiwayamikire. Ya tchaja anakana, ati chimatchaja foni bwinobwino. Nyenyezi zitatu, ndipo ngati akulola kugula bolodi payokha, gulani yokhayo.