Cmdow pa Windows XP ndi 7: ndi yabwino, koma musathamangire kuiika

Nyenyezi zinayi mwa zisanu.

M'mashopu ena kuno ku Joni, ku Mayfair, Fordsburg, Yeoville mpaka Rosettenville, makompyuta a Windows XP ndi Windows 7 akadali pa kauntala. Microsoft inasiya kusamalira XP pa 8 April 2014, ndipo 7 pa 14 January 2020, koma bwana sagula makina atsopano pamene akalewo akuwerengabe sitoko ndi kutulutsa malisiti. Amalawi anzathu amene amayang'anira makinawa amalidziwa bwino windo lakuda la Command Prompt: limatseguka pomwe lafuna, ndipo mukalikoka ndi mausi kuti litambasuke limakana. Magetsi akabwerera pambuyo pa load shedding, mawindo a ma batch fayilo (mafayilo a malamulo oyenda motsatizana) a mu Startup, foda ya zotseguka zokha kompyuta ikayaka, amadzuka atasanjikizana, lina kubisa linzake. Pa vuto limeneli ndi pomwe tinayesera Cmdow, kapulogalamu kaulere ka Ritchie Lawrence kosuntha mawindo ndi kusintha saizi yawo, pa XP ya Service Pack 3 ndi pa Windows 7.

Tiyambe ndi chimene chimaumitsa windolo, chifukwa wosachimvetsa adzainena Cmdow pachabe. Windo lakuda lili ndi miyezo iwiri. Woyamba ndi Window Size, gawo lomwe maso akuona, ndipo limabwera ndi zilembo 80 m'lifupi ndi mizere 25. Wachiwiri ndi Screen Buffer Size, malo onse osungira zolembedwa, zilembo 80 ndi mizere 300. Windo silingakule kuposa buffer yake, monga nsima singachuluke kuposa mphika. N'chifukwa chake mukadina batani lokulitsa, windo limangotalika, m'mbali osasuntha. Izi zinadzasintha ndi Windows 10 mu 2015. Pa XP mukhoza kudzaza sikirini yonse ndi Alt+Enter, koma pa 7 kawirikawiri kompyuta imakuyankhani kuti siyitha kutero, chifukwa cha madalaivala atsopano a sikirini.

Cmdow ndi fayilo imodzi, cmdow.exe, yosafuna kuinstola. Ikani mu foda yomwe muli batch fayilo yanu, kapena mu C:\Windows\System32 kuti izipezeka paliponse. Chizindikiro cha @ chimatanthauza windo lomwe lamulolo likuyendera. Mukalemba cmdow @ /mov 0 0 windo limapita pakona yakumanzere pamwamba. Mukalemba cmdow @ /siz 670 340 limatenga saizi imeneyo. Manambalawa ndi mapikiselo, si zilembo, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Lamulo la /top limasunga windo pamwamba pa ena onse, /ren limasintha dzina la windo, ndipo cmdow /t /p imakuonetsani mawindo onse a pa taskbar pamodzi ndi pomwe ali ndi kukula kwawo. Lomalizali ndi lothandiza kwambiri. Kokani mawindo ndi mausi mpaka akhale mmene mukufunira, lembani lamulolo, kenako kopelani manambalawo mu batch fayilo. Palibe chowerengera pamutu.

Apa ndi pomwe Cmdow imaposa zonse zomwe zili kale mu Windows: imasuntha windo lomwe latseguka kale, nthawi iliyonse, ngakhale la pulogalamu ina monga Notepad. Windows XP ilibe lamulo lake lochitira zimenezo.

Tsono mavuto. Loyamba, /siz singadutse buffer. Mukapempha mapikiselo 1000 m'lifupi pomwe buffer ili pa zilembo 80, windo limaima pafupi ndi 670 basi. Font ya Raster yomwe imabwera kale ndi 8 x 12, ndiye zilembo 80 zimadya mapikiselo 640, kuwonjezerapo mphepete ndi kamzere kotsitsira. Yambani mwakulitsa buffer ndi mode con cols=120 lines=40, kenako Cmdow. Koma lamulo la mode nalo lili ndi khalidwe lake. Limafufuta zonse zomwe zinali pa windo, ndipo limaika buffer pa mizere 40 yomweyo, kotero simungabwererenso m'mwamba kukaona zomwe zadutsa. Mukaika lines=3000 mumasunga mbiri, koma windo limatalika mpaka pansi pa sikirini, ndiye mumalifupikitsa ndi /siz pambuyo pake. Dongosolo ndi limenelo: mode poyamba, /siz kenako, /mov pomaliza.

Lachiwiri ndi liwiro. Mukatsegula windo lina ndi start "Sitoko" cmd /k (Sitoko ndi dzina la windolo) n'kulituma Cmdow pamzere wotsatira, pa makina a RAM yochepa windolo limakhala lisanabadwe, Cmdow n'kudandaula kuti silikupezeka. XP ilibe lamulo la timeout, ndiye ikani ping -n 3 127.0.0.1 >nul pakati, lomwe limadikira pafupifupi masekondi awiri. Dzina la windo nalonso limasinthasintha. Lamulo likamayenda dzinalo limawonjezera mawu kumapeto, ndipo pa 7 dzina la windo lotsegulidwa ngati Administrator limayamba ndi mawu akuti Administrator. Ikani nyenyezi mbali zonse, "*Sitoko*", kuti lizigwidwabe.

Lachitatu ndi lomwe lachotsa nyenyezi imodzi ija. Ma antivirus ambiri amaiona Cmdow ngati chida cha akuba, chifukwa lamulo lake la /hid limabisa windo kwathunthu, ndipo opanga mavairasi akhala akuligwiritsa ntchito kubisa zochita zawo. Fayiloyo payokha si vairasi, koma antivirus ikhoza kuichotsa usiku osakuuzani, m'mawa mawindo n'kubwerera ku chisokonezo chawo. Muyenera kuiika pa mndandanda wa zololedwa. Ngati makinawo ndi a bwana, mufotokozereni musanaiike, kuti tsiku lomwe uthenga wofiira udzatuluke asadzakuyang'aneni ndi diso lina. Itengeni pa tsamba la mwini wake pa GitHub, osati pa mawebusayiti odzaza mabatani a Download. Internet Explorer ya pa XP siyitsegulanso masamba otere, choncho dawunilodani pa kompyuta ina n'kunyamula pa fulashi.

Kunena mosabisa, anthu ambiri saifuna n'komwe Cmdow. Ngati cholinga ndi chakuti windo lizitseguka pamalo amodzi tsiku lililonse, pangani shotikati ya cmd.exe kapena ya batch fayilo yanu, dinani kumanja, Properties, kenako Layout. Ikani buffer pa 120 ndi 3000, windo pa 120 ndi 40, chotsani chizindikiro pa Let system position window, lembani Left ndi Top. Kabokosi kameneko mukakasiya kochongedwa, manambala anu a malo sagwira ntchito. Mukasintha kuchokera pa windo lotseguka kale, XP imakufunsani ngati zosinthazo zikhale za windo ili lokha kapena zisungidwe, sankhani kusunga. Windows 7 siyifunsa, imangosunga.

Kwa amene ali ndi makina angapo, monga mu intaneti kafe, registry, nkhokwe yomwe Windows imasungamo makonzedwe ake, ndi yachangu kuposa kuyenda ndi mausi kompyuta iliyonse. Zonse zimakhala mu HKEY_CURRENT_USER\Console, ndipo windo lililonse lotsegulidwa ndi start limayang'ana kiyi ya dzina lake. Manambala amalembedwa mu hex, kawerengedwe ka pa 16 kosakaniza manambala ndi zilembo A mpaka F, kutalika koyamba, m'lifupi pambuyo. Mizere 40 ndi zilembo 120 ndi 0x00280078 pa WindowSize. Buffer ya 3000 ndi 120 ndi 0x0BB80078 pa ScreenBufferSize. Mapikiselo 50 kuchokera pamwamba ndi 100 kuchokera kumanzere ndi 0x00320064 pa WindowPosition. Lamulo lake ndi reg add "HKCU\Console\Sitoko" /v WindowPosition /t REG_DWORD /d 0x00320064 /f ndipo ena awiriwo amalembedwa chimodzimodzi. Dziwani kuti shotikati imasunga miyezo yakeyake m'kati mwa fayilo ya .lnk, ndipo imaposa registry. Mukasintha registry windo osamvera, onani ngati simukulitsegula ndi shotikati.

Pa saizi ya sikirini: mamonita akale a 1024 x 768 salola mawindo awiri a zilembo 80 kukhala moyandikana, ndiye asanjeni lina pamwamba, lina pansi, loyamba pa 0 0, lachiwiri pa 0 345. Pa laputopu ya 1366 x 768 awiri amakwana m'mbali, lachiwiri kuyambira pa 680. Mapulogalamu akale a DOS owerengera sitoko asiyeni pa 80 ndi 25, chifukwa anawalembera saizi imeneyo ndipo mamenyu awo amasokonekera mukasintha.

Ngati panali monita yachiwiri n'kuichotsa, windo lomwe munaliika kumeneko likhoza kutsegukira kunja kwa sikirini: pa taskbar likuoneka, koma pamaso palibe. Lidineni pa taskbar, kanikizani Alt ndi Space, kenako M, kenako batani lililonse la muvi, n'kugwedeza mausi mpaka windo litulukire. Muli ndi Cmdow, tsegulani windo lina n'kulemba cmdow "*Sitoko*" /mov 0 0, kenako kakonzeni manambala mu shotikati kapena mu registry kuti mawa zisabwerezenso.